Akabowola pansi, zinyalala zimapita kuti? Mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Machinga ndi ku Balaka

Makina obowola pansi akafika m'dera, nkhani imene imatenga malo ndi ya ntchito, ya msewu ndi ya chipukuta misozi cha minda. Ndi ochepa amene amafunsa za matope ndi madzi oipa amene amatuluka m'dzenjemo. Komatu ntchito imatha, makina amapakiridwa, kampani imapita, pamene zinyalala zimatsala ndi eni dera. M'munsimu tayankha mafunso amene munthu wa ku Ulongwe, ku Phalula, ku Ntaja kapena ku Nayuchi ayenera kukhala nawo makinawo asanafike.

Kodi ku Machinga kapena ku Balaka kuli chitsime cha gasi?

Ayi. Mpaka lero Malawi alibe chitsime chotulutsa gasi kapena mafuta a pansi. Koma maso a makampani anafika kale. Boma linagawa dziko lino m'zigawo zisanu ndi chimodzi zofufuzamo mafuta ndi gasi, kuyambira ku Chitipa ndi ku Karonga mpaka ku chigwa cha Shire. Mu 2011 kampani ya Surestream Petroleum ya ku Britain inapatsidwa chigawo chachiwiri ndi chachitatu pa nyanja ya Malawi, mu 2012 SacOil ya ku South Africa inapatsidwa chigawo choyamba, ndipo kenako RAK Gas ya ku United Arab Emirates inatenga chigawo chachinayi ndi chachisanu, pamene Pacific Oil and Gas inatenga chachisanu ndi chimodzi. Kumapeto kwa 2014 boma linaimitsa ziphasozi kuti liunike momwe zinaperekedwera, ndipo mu 2016 linalola kuti ntchito ipitirire.

Chimene chimakoka makampaniwa ndi mmene nthaka yathu inapangidwira. Nyanja ya Malawi, nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire zili m'chigwa chachikulu chimene chinang'ambika kuno kum'mawa kwa Africa. M'chigwa chomwechi, ku nyanja ya Albert, dziko la Uganda linapeza mafuta mu 2006. Anzathu a ku Mozambique akhala akutumiza gasi wa ku Pande ndi Temane ku South Africa kuyambira mu 2004. Choncho amene amati tsiku lina makina ofufuza gasi adzaima m'mbali mwa Shire sakulota.

Ngati chitsimecho palibe, bwanji tikambe zimenezi lero?

Chifukwa kubowola kwina kuli mkati kale. Pa phiri la Kangankunde ku Balaka, kampani ya Lindian Resources ya ku Australia inayamba kubowola mu 2022 pofufuza miyala yosowa imene amapangira maginito a galimoto zoyendera magetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mu 2023 kampaniyi inalengeza kuti m'phirimo muli miyala yoposa matani 260 miliyoni. Kufupi ndi kwathu, pa phiri la Songwe ku Phalombe, kampani ya Mkango Resources yabowola kwa zaka zambiri pofufuza miyala ya mtundu womwewo.

Kubowola kofufuza miyala n'kwakung'ono poyerekeza ndi kwa gasi, koma malamulo oteteza chilengedwe ndi amodzimodzi, ofesi zoyang'anira ndi zomwezo, ndipo anthu okhudzidwa ndi omwewo. Tikazolowera kufunsa mafunso oyenera pa Kangankunde, tidzadziwa chochita tsiku limene kudzabwere makina akuluakulu.

Kodi zinyalala za kubowola ndi chiyani kwenikweni?

Amene anaonapo mjigo ukukumbidwa ali ndi poyambira. Chitsulo chikamazungulira pansi, pamwamba pamatuluka matope, madzi ndi miyala yoperedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti mjigo wa m'mudzi nthawi zambiri supitirira mamita 40 kapena 60, pamene chitsime cha gasi chimatha kulowa pansi makilomita awiri, atatu kapena kuposa. Zotuluka zake zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi miyala yoperedwa. Chitsime chimodzi chakuya chimatulutsa matani mazanamazana, ndipo miyalayi imabwera itamatirira mankhwala onse amene analowa m'dzenjemo.

Gulu lachiwiri ndi matope obowolera. Awa si matope wamba. Amachita kusakaniza dala ndi kuwapopera m'dzenje kuti aziziziritsa chitsulo, azinyamula miyala yoperedwa kupita nayo pamwamba, komanso azipsinja gasi kuti asaphulike. Mumakhala dongo la bentonite, ufa wolemera wa barite, soda woocha ndi mankhwala ena. Matope ena amasungunulira m'madzi, ena m'mafuta monga dizilo. A mafutawa ndiwo ovuta kwambiri kuwataya.

Gulu lachitatu ndi madzi a pansi penipeni amene amatuluka limodzi ndi gasi. Madziwa akhala m'miyala kwa zaka mamiliyoni, ndipo ena mwa iwo ndi amchere kuposa madzi a m'nyanja yamchere. Amatha kukhala ndi mafuta, mankhwala a benzene amene amayambitsa khansa ya m'magazi, ndi radium amene amatulutsa cheza choopsa. Miyala ndi matope zimatha kubowola kukatha, koma madziwa amatulukabe zaka zonse zimene chitsime chikugwira ntchito.

Kodi zimenezi zikatayidwa mosasamala zimawononga motani?

Mchere umapha nthaka. Munda umene wamwa madzi oterewa umatha kukhala zaka zambiri osabereka chimanga, thonje kapena nandolo. Mafuta amaphimba pamwamba pa madzi n'kulepheretsa mpweya kulowa, ndipo nsomba zimafa. Zitsulo zapoizoni monga mtovu siziwola; zimalowa m'matope a pansi pa mtsinje, m'tizilombo, m'nsomba, mpaka m'thupi la mwana amene wadya nsombayo. Mbuzi ndi ng'ombe zimamwa pa dzenje lopanda mpanda chifukwa mchere umazikopa.

Choopsa kwambiri ndi chimene maso saona. Dzenje la zinyalala likamadontha pansi, poizoni amayenda pang'onopang'ono m'madzi a pansi, ndipo mudzi umadzadzidzimuka patapita zaka madzi a pa mjigo atayamba kununkha. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Madzi a pansi akaipa, kuwayeretsa kumadya ndalama zimene palibe khonsolo ingakwanitse.

Nanga bwanji Machinga ndi Balaka ayenera kusamala kuposa maboma ena?

Chifukwa cha mmene madzi amayendera kuno. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chilichonse chimene mitsinje monga Domasi yabweretsa chimakhala momwemo, ndipo dzuwa likamauma madzi, mchere ndi poizoni zimatsala zikuchulukirachulukira. Nyanjayi ndi yosaya, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018. Mu 1997 inalowa m'kaundula wa pangano la Ramsar monga dambo lofunika pa dziko lonse. Matemba, makumba ndi milamba ya ku Mposa, mpunga wa ku sikimu ya Domasi ndi mbalame za m'mabango zonse zimadalira madzi amodziwo.

Mbali inayo kuli Shire, amene amadutsa pakati pa maboma awiriwa. Chimene chalowa mu Rivirivi kapena mu Likwenu chimakathera mu Shire, mtsinje umene umamwetsa njovu ndi mvuu za m'nkhalango ya Liwonde, umapukusa magetsi pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo umapereka madzi akumwa ku mzinda wa Blantyre kudzera pa Walker's Ferry.

Balaka ndi boma louma, ndipo m'madera ena madzi a pa mjigo ndi amchere kale. Damu la Mpira ku Ntcheu litauma mu 2018, mipopi yambiri ya ku Balaka inasiya kutulutsa madzi, ndipo amayi anabwerera ku mijigo ndi zitsime. Kalembera wa chaka chomwecho anapeza anthu oposa 700,000 ku Machinga ndi oposa 430,000 ku Balaka. Ambiri mwa anthuwa alibe gwero lachiwiri la madzi. Tiwonjezere pamenepo mvula ya masiku ano. Amene anaona namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 akudziwa kuti dzenje lokumbidwa m'chilimwe likhoza kusefukira usiku umodzi.

Kodi malamulo a dziko lino akuti chiyani?

Malamulo alipo angapo, ndipo ndi bwino kuwadziwa mayina ake.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko, m'gawo 13, amalamula boma kusamalira chilengedwe poganizira ngakhale mibadwo ya mtsogolo.

Lamulo la Environment Management Act la 2017, limene linalowa m'malo mwa la 1996, ndilo mutu wa zonse. Limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi athanzi, ndipo ali ndi mphamvu yopita kukhoti pofuna kuletsa chimene chikuwononga chilengedwe. Limatinso wowononga ndiye alipire. Lamuloli linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, limene timalitchula mwachidule kuti MEPA. Ntchito yaikulu monga mgodi kapena chitsime cha gasi siyenera kuyamba kampani isanachite kauniuni wa momwe ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, n'kulandira chilolezo cha MEPA. Kusunga, kunyamula ndi kutaya zinyalala zoopsa nakonso kumafuna chiphaso.

Lamulo la Water Resources Act la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority. Amene akufuna kutunga madzi ambiri mumtsinje kapena pansi, ngakhalenso kutayira madzi oipa mumtsinje, ayenera kukhala ndi chilolezo cha bungweli.

Za migodi zili m'lamulo la Mines and Minerals Act la 2023, ndipo za mafuta ndi gasi zili mu Petroleum Exploration and Production Act la 1983. Zinthu zotulutsa cheza choopsa zimayang'aniridwa ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, potsatira lamulo la 2011.

Kodi kampani yosamala imataya bwanji zinyalalazi?

Imayamba ndi kuzichepetsa. Matope akatuluka m'dzenje amadutsa pa masefa ogwedezeka amene amapatula miyala, kenako matopewo amabwerera m'dzenje kukagwiranso ntchito. Njira yabwino koposa ndi yosungira zonse m'mathanki azitsulo kuti pasakhale chogwera pansi. Pamene afuna kukumba dzenje losungira, dzenjelo liyenera kuyalidwa pulasitiki wochindikala wosadontha, likhale kutali ndi mtsinje, dambo ndi mjigo, likhale ndi mpanda, ndipo lisadzazidwe mpaka pakamwa kuti mvula ikagwa lisasefukire.

Kenako zinyalala zimapimidwa kuti zidziwike zimene zili mkati. Miyala yochokera ku matope a madzi, ikapezeka kuti ilibe mchere wambiri kapena poizoni, amatha kuiumitsa n'kuikwirira pamalo ovomerezeka. Yochokera ku matope a mafuta amaitenthetsa m'makina kuti mafutawo achoke, kapena amapita nayo ku malo apadera osungira zinyalala zoopsa. M'nyanja ya North Sea ku Ulaya, mayiko anagwirizana mu 2000 kuti miyala yokhala ndi mafuta opitirira gawo limodzi pa magawo 100 alionse isatayidwe m'madzi. Madzi amchere aja amawayeretsa m'makina kapena kuwabwezera pansi penipeni kudzera m'chitsime chapadera, kupitirira kutali malo amene pamakhala madzi akumwa.

Chitsime chenichenicho chimavekedwa mapaipi azitsulo, ndipo pakati pa paipi ndi khoma la dzenje amathirapo simenti. Ntchito ya simentiyi ikachitika mwachinyengo, gasi ndi madzi amchere zimapeza njira yokwerera kukalowa m'madzi a mijigo. Pomaliza, lole iliyonse yonyamula zinyalala iyenera kukhala ndi chikalata chosonyeza kumene yachokera, zimene yanyamula, kulemera kwake ndi amene walandira. Popanda chikalata chimenechi, zinyalala zimathera m'tchire usiku.

Kodi kungokumba dzenje n'kukwirira sikokwanira?

Mayiko amene anayesa njira imeneyo akulirabe. Ku Ecuador, m'dera la Lago Agrio, kampani ya Texaco inagwira ntchito kuyambira m'ma 1960 mpaka cha m'ma 1990, ndipo m'nkhalangomo munatsala maenje mazanamazana osayalidwa kanthu. Milandu ya nkhaniyi yayenda m'makhoti kwa zaka zoposa makumi awiri. Ku Nigeria, lipoti la bungwe la United Nations loona za chilengedwe la mu 2011 linapeza kuti m'mudzi wa Nisisioken Ogale, m'dera la Ogoni, anthu ankamwa madzi okhala ndi benzene wochuluka kuwirikiza ka 900 kuposa mlingo wa bungwe la zaumoyo la WHO. Lipotilo linati kuyeretsa deralo kungatenge zaka 25 mpaka 30.

Ngakhale mayiko olemera anapunthwa. Ku Pennsylvania, m'dziko la America, madzi ochokera ku zitsime za gasi ankapita nawo ku malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi za m'tauni, amene sanapangidwe kuti azichotsa mchere wotere. Mcherewo unkadutsa n'kulowa m'mitsinje, mpaka mu 2011 boma la kumeneko linauza makampani kuti asiye.

Nanga za cheza choopsa, kodi pa Kangankunde pali chodetsa nkhawa?

Miyala yosowa ya m'madera ambiri pa dziko imapezeka limodzi ndi thorium ndi uranium. Zotsatira za kafukufuku zimene kampani yalengeza zikusonyeza kuti miyala ya pa Kangankunde ili ndi zinthu ziwirizi pang'ono poyerekeza ndi migodi ina ya mtunduwu. Umenewu ndi uthenga wabwino, ndipo palibe chifukwa choopsezana. Komabe kuchepa si kusowa. Ndi ntchito ya mabungwe a boma kupima paokha fumbi, madzi ndi zotsalira, n'kuuza anthu zotsatira m'chilankhulo chimene amamva, kaya ndi Chichewa kapena Chiyao.

Phunziro lili ku Kayelekera m'boma la Karonga. Mgodi wa uranium unatsegulidwa kumeneko mu 2009 n'kuima mu 2014 mitengo itatsika, koma mvula sinaime. Madzi anapitiriza kudzaza m'madamu a mgodiwo, ndipo mu 2015 kampani inayamba kuwayeretsa n'kuwatayira mumtsinje wa Sere ndi chilolezo cha boma. Anthu ambiri a ku Karonga ndi mabungwe anakana kukhulupirira kuti madziwo ali bwino. Chikhulupiriro chimakula pamene anthu aona zotsatira za kupima ndi maso awo kuyambira pa chiyambi.

Kodi malamulo athu aperewera pati?

Poyamba, lamulo la mafuta ndi gasi ndi la 1983. Linalembedwa dziko lino lisanakhale n'komwe ndi lamulo lalikulu loteteza chilengedwe, ndipo pa zaka zonsezi luso lobowola lasintha kwambiri. Pakufunika malamulo atsatanetsatane onena za zinyalala za kubowola pazokha: kuchindikala kwa pulasitiki, mtunda wochokera pa mjigo, mlingo wa mchere ndi mafuta umene suyenera kupitirira, ndi nthawi yotsekera dzenje.

Chachiwiri, kulibe kopita nazo. Malo otayira zinyalala a m'mizinda yathu, monga Mzedi ku Blantyre ndi Area 38 ku Lilongwe, ndi mitaya ya zinyalala za m'nyumba ndi m'misika. Sangalandire matope a mafuta. Uganda anakumana ndi vuto lomweli. Atabowola zitsime zofufuzira, zinyalala zinaunjikidwa m'malo ongoyembekezera kwa zaka zingapo, mpaka pamene malo oziyeretsera anatsegulidwa ku Nyamasoga m'boma la Hoima mu 2015. Malamulo apadera a zinyalala za mafuta anadzabwera mu 2019, patatha zaka 13 chipezereni mafutawo. Ife tili ndi mwayi woyamba ndi malamulo, makina n'kubwera pambuyo.

Chachitatu ndi kulondoloza. Lamulo lolembedwa bwino silithandiza ngati mkulu woona za chilengedwe pa khonsolo alibe mafuta a galimoto okafikira pamalo a ntchito, kapena ngati zotsatira za kupima madzi zimachokera ku kampani yokha.

Kampani ikamaliza n'kupita, ndani amatsala ndi udindo?

Mwalamulo ndi kampaniyo. Iyenera kutseka chitsime ndi simenti, kuchotsa zinyalala, kukwirira maenje, kubwezera dothi lapamwamba ndi kudzala mitengo. Koma mlendo ndi mame. Ziphaso zimagulitsidwa kuchoka ku kampani ina kupita ku ina, monga zinachitikira ndi zigawo za mafuta za pa nyanja komanso mgodi wa Kayelekera, ndipo makampani ena amagwa. Ku America kuli zitsime zikwizikwi zimene eni ake anasowa, ndipo boma likuzitseka ndi ndalama za misonkho.

Chitetezo chenicheni ndi ndalama ya chikole. Kampani isanayambe kubowola, iike padera ndalama zokwanira kukonza malowo, zimene boma lingagwiritse ntchito kampaniyo itathawa. Chikolecho chizikwera pamene ntchito ikukula, ndipo chisabwezedwe mpaka madzi ndi nthaka zitapimidwa n'kupezeka kuti zili bwino.

Kodi munthu wamba kapena mfumu angachitepo chiyani?

Zambiri. Pa nthawi ya kauniuni, kampani imayenera kukumana ndi anthu okhudzidwa. Pitani ku misonkhano imeneyi, amayi ndi achinyamata omwe, ndipo nkhani isathere pa chipukuta misozi. Funsani kuti adzagwiritsa ntchito matope a mtundu wanji, adzawasunga pati, dzenje lidzatalikirana bwanji ndi mjigo, madzi obowolera adzatunga kuti, ndipo zinyalala zidzathera kuti. Pemphani kuti mayankho alembedwe ndipo mfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi asunge kope lawo.

Chofunika koposa, limbikirani kuti madzi a mijigo, zitsime ndi mitsinje ya m'dera lanu apimidwe ntchito isanayambe, ndipo zotsatira zikhale m'manja mwanu. Popanda umboni wa momwe madzi analili kale, n'kovuta kudzatsimikiza kuti aipa chifukwa cha kubowola, makamaka ku Balaka kumene mijigo ina ndi yamchere chikhalire.

Mukaona madzi asintha mtundu kapena fungo, nsomba kapena ziweto zikufa, kapena lole ikukhuthula matope patchire, lembani tsiku ndi malo, jambulani pa foni, ndipo kanenani kwa mfumu, kwa khansala ndi ku ofesi ya za chilengedwe kwa bwanamkubwa. Nkhani ikapanda kuyenda, ifikitseni ku MEPA. Lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakupatsani mphamvu yopempha ku ofesi za boma lipoti la kauniuni ndi ziphaso zimene zinaperekedwa. Musalole ana kusewera pa maenje a ntchito, ndipo musagule migolo imene munali mankhwala kuti muzisungiramo madzi akumwa kapena kufululira thobwa.

Kodi ndiye kuti tikane migodi ndi gasi?

Ayi. Maboma athu akufunika ntchito, misewu ndi misonkho, ndipo chuma chimene chili pansi pa nthaka chingathandize. Njira zotayira zinyalala mosamala zilipo ndipo n'zodziwika. Zimangofuna ndalama, ndipo ndalamazo ziyenera kuchokera kwa amene akupindula ndi kubowolako, osati kwa msodzi wa ku Chilwa kapena mlimi wa thonje wa ku Utale. Aphungu athu akonze lamulo la 1983 makina a gasi asanafike, boma lipatse MEPA ndi makhonsolo zipangizo zogwirira ntchito, ndipo mafumu asasaine chikalata chilichonse asanamve yankho lomveka la kumene zinyalala zidzapite. Inu amene mwawerenga izi, kafunseni funso limeneli pa msonkhano wotsatira wa m'dera lanu.